AChisale a Kumunsi

"Apa panali mtengo," anatero a Ezekiel Chisale, ataima pamalo oimikapo magalimoto, akuloza phula ndi ambulera yopinda. "Mtengo weniweni, wa mthunzi wake. Ndinkakhala patsinde pake n'kumawerenga mpaka zala kuuma. Lero taonani, adzalapo kamakina kolipiritsa anthu."

"Bambo, mvula," anatero Malita, mwana wa malemu mng'ono wawo. "Tiyeni tilowe, mtengowo mukaulirira m'katimo."

"Isiye mvulayo. Mumzinda monse muno ndi yokhayi imene yandizindikira."

Panali patapita zaka makumi anayi chichokereni a Ezekiel ku Glasgow, kumene anaphunzira mbiri yakale ali mnyamata. Nthawi yonse imene ankaphunzitsa ku Zomba, mpaka kupuma pantchito, mzindawu ankaukamba ngati mkazi amene anawakana koma iwo osamuiwala. Tsopano anali atabweranso, ndipo masiku asanu ndi anayi onse anathera m'madandaulo. Nyumba ya ku Maryhill imene ankachitamo lendi anaigwetsa. Sitolo ya mabuku akale inasanduka yokongoletsera zikhadabo. Ngakhale kuzizira, malinga ndi iwo, kunali kutatha ulemu.

Koma sanabwerere kudzayendera malo. Malita, yemwe anali namwino, ndiye anawaitana kuti adzakhale nkhoswe pa ukwati wake, poti mayi ake analibe mlongo, ndipo mwa abale aamuna a bambo ake wamkulu wotsala anali iwowa. Mwamunayo anali Goodwill, wokonza sitima za pamtunda, amene pa nthawiyi anali kumbuyo kwawo akulimbana ndi kamakina kaja. Awiriwa anakulira m'matauni osiyana, Malita ku Blantyre, Goodwill ku Lilongwe, ndipo anakumana kutchalitchi konkuno. Atazindikira kuti onse ndi aChisale anaseka. Atazindikira kuti makolo awo ndi a mudzi umodzi ku Ntchisi anasekabe, koma abusa sanaseke nawo. Ananenetsa kuti ukwati sangaulengeze mpaka mkulu wa kubanja atanena pamaso pa sesheni, bwalo la akulu a mpingo, ngati pali chibale kapena ayi. Za kukamangitsa ukwati ku ofesi ya boma Malita sankafuna n'kumva komwe. Ankati sanaimbe kwaya kuyambira ali mwana kuti adzakwatiwe ngati wothawa.

Sesheniyo inali ya mawa lake, Lamlungu, koma mawu a mkuluyo anali atamveka kale. Tsiku lachiwiri chifikireni, a Ezekiel anafunsa Goodwill dzina la agogo ake, ndipo atalimva anaika kapu ya tiyi pansi.

"Awa ndi aChisale a kumunsi kwa mtsinje," anatero. "Ife ndife a kumtunda. Ndi banja limodzi. Pepani ananu, ukwati palibe."

Malita analira, anakalipa, kenaka anatha masiku atatu akuwaphikira osawalankhula. Goodwill sanatsutse kanthu. Anapitiriza kuwatenga pagalimoto kupita nawo kulikonse kumene ankafuna kukadandaulako, kuwatsegulira chitseko, kuwagwirira jekete. Ulemu umenewo ndi umene unkawasowetsa mtendere a Ezekiel kuposa misozi ya Malita.

Nyumba ya Glenmarr anaisungira kumapeto mwadala. Chinali chinyumba cha miyala yachikasu kummwera kwa mzinda, kupitirira Pollokshields, chomangidwa zaka mazana awiri ndi theka zapitazo, ndipo masiku ano anthu ankalowamo kudzaona mmene olemera akale ankakhalira. Ali wophunzira, a Ezekiel ankabwera kuno Loweruka lililonse. Chithunzi chimene anajambulitsa pamasitepe ake chinakhala pabalaza pawo ku Zomba mpaka kuchita mbuu.

"Loweruka lililonse, bambo?" anafunsa Malita akukutumula ambulera yake pakhomo. "Kudzaona mipando yomweyomweyo? Panalibe mtsikana apa?"

"Panali moto. Chipinda changa chinali firiji yokhala ndi bedi."

"Moto wokha?"

"Panalinso Jessica wina wogulitsa matikiti, koma zimenezo si za ana."

M'kati anawalandira mayi wachikulire wa tsitsi loyera, wovala kabaji kolembedwa kuti Joan, mmodzi wa anthu odzipereka oonetsa alendo. A Ezekiel sanamupatse mpata. Anamuuza m'Chingerezi chawo cha m'mabuku chaka chimene denga linakongoletsedwa, dziko limene wotchi yaikulu ya pamasitepe inachokera, ndi chifukwa chake miyendo ya tebulo inasemedwa ngati mapazi a mkango. Atafika pa chithunzi cha mwini nyumba, bambo wa masaya ofiira ndi wigi yoyera, anavula chipewa n'kuchiweramira pang'ono.

"Awa okha ndiwo sanakalambe," anatero. "Moni, a Lennock. Ndabweranso."

"Mukanamabwera kawirikawiri, bwenzi ine ndikupuma Loweruka," anatero Joan akuseka. "Koma pali chipinda chimodzi chimene simukuchidziwa. Tinachitsegula zaka zitatu zapitazo. Chili pansi, pafupi ndi khitchini."

"Pansi panali posungira malasha."

"Eya, pomwepo."

Anatsika pamasitepe opapatiza amene antchito ankadzera. Chipindacho chinalibe chagolide chilichonse. Khoma lonse linali lopakidwa laimu, ndipo pamenepo panali mayina, mzere pamwamba pa mzere, kuyambira kudenga mpaka m'mawondo mwa munthu. Phibba Lennock. Quaco Lennock. Betty Lennock wamkulu, Betty Lennock wamng'ono. Joan anafotokoza kuti Mungo Lennock, amene anamanga nyumbayi, anali ndi minda ya nzimbe ku Jamaica, ndipo awa anali anthu amene anawagula kuti azilima. Shuga wa m'manja mwawo ndiye anakweza makoma awa, ndiyenso anabweretsa wotchi ija. Ambiri anawapatsa dzina la mbuye wawo powabatiza.

A Ezekiel anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuwavalanso.

"Kalelo munkanena kuti Lennock anali wamalonda a kutsidya la nyanja," anatero. "Mawu amenewo ndinawalemba m'kope, ine wophunzira mbiri, amene ndinali nditawerenga kale za zombo ndi maunyolo. Sindinafunse kuti malonda anji. Mwina ndinkaopa kuti andichotsa pafupi ndi moto."

"Nafenso sitinkafunsa," anatero Joan. "Ndaonetsa alendo muno zaka makumi awiri ndi ziwiri. Zaka zonsezo, kuchotsapo zitatu zomalizazi, ndinkangokamba za mipando."

"Ndipo munkaikamba bwino, mayi. Anthu inu mumatha kupukuta fumbi pa chilichonse kupatula chikumbumtima."

"Bambo!" anatero Malita.

"Asiyeni," anatero Joan. "Ndamvapo zoposa izi, ndipo zambiri zinali zoona."

Apa uphunzitsi unawadzukira a Ezekiel. Anayamba kuyenda m'mbali mwa khomalo, ambulera kumsana ngati ndodo ya m'kalasi, ndipo anasiya Chingerezi n'kutembenukira kwa ana awiriwo. Anawauza kuti dziko lino linatumiza amishoni kukathetsa ukapolo kwathu, ndipo ife tikuthokoza, koma dzanja limene linatipatsa Baibulo linali likadali lomata ndi shuga. Anawauza kuti mzinda umene anaulirira zaka makumi anayi unawanamiza mwaulemu, ndi tiyi ndi mabisiketi. Ankalankhula bwino, ndipo ankadziwa kuti akulankhula bwino.

Pakati pa chipinda panali bokosi la galasi, m'kati mwake kalata yakale, ndipo pambali pake anali atailembanso ndi zilembo zazikulu. Inali ya mkazi wa Lennock, kulembera mchemwali wake za mwana wake wamwamuna amene anafera ku Jamaica ndi malungo. A Ezekiel anawerama n'kumaiwerenga mokweza, akuimasulira pomwepo.

"Chimene chikunditonthoza n'chakuti sanafere pakati pa alendo. Banja lathu la kumeneko, anthu athu akuda amene ali ndi dzina lathu, ndiwo anamukumbira manda ndi kumunyamula." Anaweramuka n'kuseka kamodzi, kuseka kopanda chimwemwe. "Mwamva? Banja! Mayiyu wadziulula yekha osadziwa. Iwe Goodwill, wakulira m'tauni iwe, tchera khutu uphunzire. Kwathu ngakhale mwana angakuuze kuti munthu sakumba manda a mbale wake. Sasambitsa mtembo, sagwira khasu. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu oti magazi awo ndi ena. Abale amakhala pamphasa n'kumalira. Ndiye wina akakuuza kuti awa ndi banja langa, usalimbane naye. Ingodikira maliro, uone amene walowa m'dzenje."

Goodwill anayang'ana pansi. "Ndamva, bambo."

Malita ankayang'ana khoma, koma maso ake sankawerenga.

"Bambo," anatero kenaka, mawu ali otsika. "Manda a adadi anakumba ndani?"

"Wati chiyani?"

"Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, koma ndikukumbukira. Panali bambo wina wamtali, wa mpata kumano, dothi lofiira mpaka m'mawondo. Anagwira nkhuku ya agogo n'kumati ndi yake, ndipo anandiseka kuti ndikulira ngati wa m'tauni. Ndinadana naye tsiku lonse, mpaka azakhali anandiuza kuti adzukulu amatero, ndi mwambo." Anatembenukira kwa Goodwill. "Bambo amene uja ndinawaonanso pafoni yako pa Khirisimasi. Ndi a Matthews, mng'ono wa bambo ako. Sindinadziwe kuti zili ndi tanthauzo mpaka lero."

"Malita, izi si zokambira m'nyumba ya eni."

"Nanga tikakambira kuti? Mawa, inu mutanena kale? Manda a agogo aakazi anakumba ndani? Nanga a agogo aamuna?"

A Ezekiel anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala. Pangodya panali kampando kathabwa ka m'khitchini yakale, kotchingidwa ndi chingwe chofiira. Anadumpha chingwecho n'kukhalapo. Joan anatsegula pakamwa, anayang'ana nkhope yawo, kenaka anati akukaona ngati kwabwera alendo ena, n'kukwera masitepe.

"A kumunsi," anatero a Ezekiel. "Onsewo anakumba ndi a kumunsi."

"Ndiye ndi abale athu bwanji?"

Kuseri kwa khoma madzi a mvula ankatsika m'paipi. A Ezekiel anawamvetsera nthawi yaitali ngati akunena zanzeru.

"Nkhani yake ndi yakale," anayamba. "Nthawi ija magulu a ogulitsa anthu ankadutsa kwathu popita ku Nkhotakota. Gulu lina linagona pafupi ndi mudzi, ndipo munali mayi wina wodwala, mwana wamwamuna kumsana. Akanafera panjira. Bambo a agogo anga anamva chisoni, anapereka mbuzi ziwiri n'kumuombola. Anamupatsa malo kumunsi kwa mtsinje. Mwana uja anakula ndi dzina lathu. Ndiye kholo la Goodwill."

"Kumuombola," anatero Malita.

"Ndi mmene timanenera."

"Ndi mmene mumanenera kumtunda," anatero Goodwill.

Onse awiri anamuyang'ana. Anali chiimire, makiyi a galimoto m'manja, ndipo ankalankhula mofatsa ngati akufotokoza chimene chawonongeka m'injini.

"Kwathu timati anatsitsa mtengo, poti anali wodwala. Timatinso mayiyo anali ndi ana awiri. Wina anali mtsikana woyenda yekha, wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi. Mayiyo anagwada kupempha kuti amugule nayenso. Kholo lanu linati mbuzi zatha. Kutacha gulu linanyamuka ndi mtsikanayo. Mayi uja atachira analima munda wa kumtunda mpaka imfa yake, ndipo mwana wake analimanso, ndi zidzukulu zake. Kulima kunatha nthawi ya atsamunda. Kukumba ndiye sikunathe."

"Za mtsikanayo sindinazimvepo," anatero a Ezekiel.

"Sizinali zoti mumve inu. Amatiuza ife tikangofika msinkhu, kuti tikapita kumudzi tizidziwa pokhala."

Malita anali atagwira pakamwa. Pochotsa dzanjalo mkwiyo unali utasintha kolowera.

"Ndiye iwe umadziwa? Masiku onsewa ine ndikulira, iwe ukudziwa kuti si pachibale?"

"Ndimadziwa."

"Osandiuza?"

"Ndikanayamba bwanji, Malita? Ndikanati, usadandaule, sindine mlongo wako, ndine katundu wa kwanu?" Anayesa kuseka koma sizinatheke. "Komanso ndikanena ine, ndi dandaulo la munthu wofuna mkazi. Sesheni ikufuna mawu a mkulu wa kumtunda. Ndimati mwina bambowa, poti ndi ophunzira, anena okha. Ndimati ndiwapatse masiku."

A Ezekiel anatsamira khoma, mutu wawo pansi penipeni pa mayina aja.

"Ndaphunzitsa za ukapolo zaka makumi atatu," anatero. "Aluya, Aswahili, Ayao, Apwitikizi, onse ndinawaika pabolodi ndi choko. Ana ankatuluka m'kalasi atakwiya, ine n'kumati lero ndagwira ntchito. Mudzi wathu sunafikepo pabolodipo. Mawa ndikati chibale palibe, andifunsa kuti nanga dzina analitenga kuti. Ndiyankha kuti chiyani? Kuti a Lennock tili nawo ku Ntchisi, kungoti analibe wotchi?"

"Ndiye ndi manyazi basi?" anafunsa Malita. "Mumafuna kundiphera ukwati chifukwa cha manyazi?"

A Ezekiel akanatha kuvomera pomwepo, ndipo mwina akanakhululukidwa msanga. Anayang'ana mwana wa mng'ono wawo, anayang'ana mnyamata amene anawagwirira jekete masiku asanu ndi anayi, n'kupukusa mutu.

"Ayi. Manyazi anabwera pambuyo. Nditangomva dzina la agogo ake, chimene chinayamba kufika ndi mawu a mayi anga: mwana wathu akakwatiwe kumunsi? Chibale chimenechi ntchito yake ndi imeneyo, mwanawe. Zaka zoposa zana palibe wa kumtunda anakwatirana ndi wa kumunsi, ndipo palibe amene anafunika kutchula chifukwa. Timangoti ndi abale, nkhani n'kutha mwaulemu. Ndawerenga mabuku ochuluka, koma mayi anga anafika msanga kuposa onsewo."

Malita ananyamula chikwama chake n'kukwera masitepe osacheuka. Goodwill anadikira. A Ezekiel poyesa kudzuka bondo linakana, ndipo Goodwill anawapatsa mkono n'kuwadumphitsa chingwe chija. Pakhomo anapeza Joan akukonza timapepala ta alendo.

"Ndakhalira mpando wanu woletsedwa, mayi," anatero a Ezekiel.

"Unapangidwira anthu otopa," anatero Joan. "Mubwerenso."

M'galimoto munalibe wodandaula za nyumba zogwetsedwa. Anadutsa mlatho, anadutsa msewu umene a Ezekiel ankati kale unali ndi fungo la buledi, koma iwo sanaloze kanthu. Goodwill anawasiya pakhomo pa Malita n'kupita kwawo osalowa. Dzuwa la chilimwe cha kuno linali likadali m'mwamba pamene Malita anawaikira chakudya patebulo.

"Mawa munena chiyani?" anafunsa ali chiimire.

"Sindikudziwa."

"Sindikukakamizani, ndipo sindidzatsegula pakamwa pasesheni. Za manda a adadi sindidzazitchula. Mukafuna kunena kuti ndi pachibale, nenani, abusa akhulupirira inu. Ndikungofuna ndidzamve ndekha mukunena."

Analowa kuchipinda kwake n'kutseka. A Ezekiel anakhala ndi mbaleyo mpaka chakudya chinazizira.

Mpingo wa Amalawi unkakumana masana m'holo yobwereka ku Maryhill. Malita anatsogola pabasi, akuti kuli kuyeserera nyimbo. Goodwill ndiye anabwera kudzawatenga, monga mwa masiku onse. Ataimika galimoto kuseri kwa holoyo, a Ezekiel sanatsike.

"Ndili ndi funso," anatero. "Ndikanena m'katimo, sizithera m'katimo. Anthu athu mukuwadziwa. Pofika madzulo Amalawi onse a mu Glasgow akhala atamva, ndipo wolozedwa chala sindikhala ine ndekha. Alipo ena amene adzaseka inu. Adzasekanso ana anu. Nkhaniyi ndi yanga theka lokha. Ndinene?"

"Ndinawaimbira a Matthews dzulo," anatero Goodwill.

"Ati bwanji?"

"Anayamba n'kuseka mpaka kutsokomola. Kenaka anati, uwauze aphunzitsiwo anene, koma anene zonse. Asamusiye panjira kachiwiri mtsikana uja."

Mapemphero atatha, sesheni inakhala m'kachipinda ka kumbuyo, kosungiramo mipando yopinda ndi zoseweretsa za ana. Panali abusa, akulu a mpingo anayi, ndi mlembi wa sesheni, Mayi Tusekelege, ndi buku lawo lakuda. Malita ndi Goodwill anakhala motalikirana, mpando umodzi wopanda munthu pakati pawo.

"Bambo Chisale," anatero abusa atapemphera, "funso lathu ndi limodzi. Pakati pa ana awa pali chibale?"

A Ezekiel anaimirira, ngakhale panalibe amene anawauza kuti atero.

"Palibe. Sabata yatha ndinawauza kuti chilipo. Ndinanama."

"Ambuye alemekezeke," anatero a Isaac, mkulu wa mpingo amene ankayendetsa takisi ndipo ankathamangira ntchito. "Ndiye zatha. Amayi, lembani kuti palibe, titseke."

"Pang'ono, a Isaac," anatero abusa. "Dzina limodzi, mudzi umodzi, chibale n'kusowa? Zinayenda bwanji?"

"Ndi zimenezo ndaimirira," anatero a Ezekiel.

Ananena. Sanakweze mawu ngati m'kalasi, ndipo sanatchule buku lililonse. Ananena za mbuzi ziwiri, ndipo sanati kuombola, anati kugula. Ananena za mtsikana amene anapitirira ndi gulu mayi ake atagwada. Ananena za munda, za manda, ndi za ntchito imene mawu oti chibale akhala akugwira m'mudzi mwawo mpaka sabata yathayi, pakamwa pawo pomwe. Pomaliza m'chipindamo munkangomveka mawu a ana a Sande sukulu amene ankalimbirana mabisiketi kuseri kwa chitseko m'Chingerezi cha ku Glasgow. A Isaac anali atawerama, manja pansi pa tebulo. Mkulu wina wa ku Ntcheu ananena chapansipansi kuti, "Kwathunso ziliko izi," ndipo palibe amene anamufunsa kuti iye ndi wa tsidya liti.

Mayi Tusekelege anali ataimitsa cholembera m'mwamba.

"Abusa, ndilembe ziti? Bukuli limawerengedwa ndi anthu."

"Musafunse abusa, musafunsenso ine," anatero a Ezekiel. "Eni nkhani ndi awo."

Goodwill anayang'ana Malita, kenaka bukulo.

"Lembani zonse, amayi," anatero. "Kwathu tatopa n'kuzinong'oneza."

Malita ananyamuka n'kukhala pampando wa pakati uja. Mayi Tusekelege analemba nthawi yaitali, ndipo kawiri konse anafunsa a Ezekiel kuti abwereze. Atamaliza, abusa ananena kuti ukwati ulengezedwa koyamba Lamlungu likubweralo.

Panja anthu anali atazungulira tebulo la tiyi ndi mandasi. Malita anabwera ndi kapu n'kuwapatsa a Ezekiel ndi manja awiri, koma osamwetulira.

"Unkhoswe muchitabe," anatero. "Koma sindinakukhululukireni."

"Sindinapemphe. Ndidzapempha ndikadzayenera."

Asanamwe n'komwe, foni inayamba kulira m'thumba la jekete. Anaitulutsa n'kuiika patali ndi maso kuti awerenge dzina. Anali a Tione, mlongo wawo wamkulu, amene ankasunga nyumba ya makolo kumtunda kwa mtsinje. Chitsekereni sesheni panali pasanathe theka la ola.

"A Isaac aja sankapemphera," anatero Goodwill. "Ankalemba uthenga pafoni."

"Musayankhe pano, bambo," anatero Malita. "Azakhali mukuwadziwa. Idyani kaye."

A Ezekiel anamubwezera kapu ija n'kusunthira pakona pa holo. Mawu a mbali inayo ankamveka mpaka patebulo la mandasi, ndipo amayi awiri a Mvano anasiya kutafuna. A Ezekiel anadikira kuti mlongo wawo apume.

"Inde, achemwali, ndanena," anatero. "Ayi, sindinamwe kanthu. Khalani pansi, ndipo muitane ana onse abwere pafupi ndi foni. Ndiyambira poyamba."